Gordon Ali ndi Malume ku Chifubu

Chaka chachiwiri cha ufulu, mkuwa ukuyenda malonda ngati zitumbuwa, Bambo Mfumu a ku mishoni anapita ku msonkhano ku Lusaka, ndipo mwana wa mlongo wawo anamusiya ku Mindolo ku Kitwe, m'nyumba ya a Fanwell Sakala ndi akazi awo a Juliana. Mnyamatayo dzina lake Gordon, mzungu wa ku Ayalandi, woonda ngati bango. Madokotala a kwawo anali atamung'amba chifuwa kukonza mtima n'kumuuza kuti akachirire kotentha, koma ku mishoni amisiri ankakhoma malata tsiku lonse.

A Juliana anakondwa, musachite kufunsa. Nyumba yawo inali zii chichokereni ana awo awiri, Leah ndi Rosemary, amene mlongo wa a Juliana, a Absalom, anawatengera ku Chifubu ku Ndola mmodzimmodzi n'kuiwala njira yowabwezera. Tsopano anali atapezanso munthu womuphikira ndi womukalipira kuti afunde, ndipo mumtima anali atalumbira kuti uyu yekha palibe amuchotse. Tsiku lina masana a Fanwell ataweruka pansi pa mgodi, chipewa chachitsulo chili kumutu, anapeza akazi awo pakhonde akusosola nkhuku.

"Amake Leah, nkhukuyo yalakwanji?"

"Ndi ya mlendo."

"Kwabwera mlendo?" A Fanwell anasuzumira m'nyumba, kenaka kuseri kwa chitseko.

"Mukufuna chiyani kuseri kwa chitseko? Ndikunena Gordon."

"Gordon si mlendo. Gordon ndi mwana."

"Mwana wa yani?"

"Wathu."

"Iii! Ndinabereka liti ine?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu. Ine ndikudziwa zomwe ananena Bambo Mfumu. Anandigwira dzanja pageti paja, anati, 'Fanwell, mumutenge ngati mwana wanu weniweni.' Weniweni. Ananena akundiyang'ana m'maso."

"Amangonena, atate a Leah. Ndi kalankhulidwe chabe."

"Wansembe amangonena? Ndiye ndi ziti zina zomwe amangonena? Za moto wosatha zija?"

A Juliana anaika nkhuku m'beseni n'kupuma mpweya wautali. Amuna awowo ankawadziwa. Ndi omwewa amene kapitawo anawauza tsiku lina kuti "ima pano ndibwere," kapitawoyo n'kugwidwa malungo panjira, iwo n'kuima pomwepo mpaka anzawo a mawa lake anawapeza. Munthu wotere sumuuza mwambi, amakakufunira nyamayo kutchire.

"Chabwino, kaya mwana kaya chiyani, nkhuku adya."

"Adya ndithu. Zipalapasiro ndi mutu."

"Chiyani?"

"Za ana. Nthutumba ndi ya bambo wa nyumba."

"Munthu wosokedwa chifuwa ngati thumba la chimanga mukamupatse zipalapasiro?"

"Leah anakula ndi zipalapasiro. Onani mmene alili lero, pachitseko amalowa cham'mbali."

"Leah sanang'ambidwe!"

"Tsitsani mawu. Mwana akugona."

"Mlendo akugona," anatero a Juliana monong'ona, koma kunong'ona kwake komveka mpaka kumpopi.

A Fanwell anakoka mpando wawo wa ndalema, anakhala, n'kuyamba kumasula nsapato za mgodi. A Juliana anauyang'ana mpandowo, anayang'ana amuna awo, anauyang'ananso mpandowo.

"Mpandowo watuluka bwanji kuchipinda kwa Gordon?"

"Ndautenga m'mawa."

"Ndiye azikhala pati?"

"Pamphasa. Munaona kuti mwana ali pampando, bambo wake ali chilili?"

"Mayo ine! Adzuka bwanji pansi ndi chifuwa chimenecho?"

"Ndimamudzutsa. Ndimamugwira m'khwapa pang'onopang'ono. Amaseka."

"Amaseka chifukwa sadziwa kukutukwanani m'Chinyanja."

"Akuphunzira. M'mawa ndisanapite ku ntchito ndinamutuma, ndipo anamva."

Nthenga zimene zinali m'manja mwa a Juliana zinagwa zokha.

"Mwatuma mzungu wodwala?"

"Mwana wosatumidwa amakula chitsiru."

"Bambo Mfumu anati asanyamule kanthu kolemera!"

"Ndinamva. N'chifukwa chake ndinamutuma machesi. Kamtengo kamodzi, kwa a Gertrude apa."

"Kamtengo kamodzi!"

"Bokosi lonse ndinaopa."

"Mwandivula, atate a Leah. Mwandivula pamsika. Komboni yonse imve kuti kwa Sakala alibe ndi kamtengo ka machesi komwe, mpaka akutuma azungu kukapempha?"

"Machesi tili nawo. Ine ndimafuna aphunzire kunena 'odi'."

"Nanga ine ndinali kuti?"

"Ku Misa."

"Ndiye anabwera nako kamtengoko?"

"Anakaiwala. A Gertrude anamukhazika pansi, anamupatsa tiyi wamkaka ndi mbatata. Akuti anadya ziwiri."

Apa ndiye panapweteka. A Juliana anaimirira, manja m'chiuno, nayang'ana nyumba ya a Gertrude ngati aiyatse ndi maso. Mbatata ziwiri! Kwa iwo mnyamatayo ankangolawa phala n'kunena kuti wakhuta.

"Mfiti imeneyo ikufuna kundilanda mlendo."

"Si ufiti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Musandiuze miyambi inu, simuidziwa kagwiridwe kake."

"Ndamupatsanso dzina."

"Ali nalo dzina."

"Lachizungu. La kumudzi alibe. Ndamutcha Mavuto."

"Munthu wodwala mtima mukumutcha Mavuto?"

"Nanga si wabwera nawo? Ndipo akuyankha. Ndikati 'Mavuto', amati 'wawa'."

"Ambuye Yesu, ndigwireni."

"Anzanga a pansi pa mgodi abwera Lamulungu kudzamuzonda."

"Anzanu ati?"

"Onse. Ndinapempha kapitawo kuti ndiweruke msanga chifukwa mwana akudwala. Atamva anati m'Chibemba chake, 'Awe mukwai, Sakala, tinkayesa uli ndi aakazi okhaokha.' Ine ndinati wamwamuna wangobwera kumene, wamkulu kale."

"Munawauza kuti ndi mzungu?"

"Sanafunse. Anangofunsa kuti wafanana ndi yani."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ine ayi. Mwina kwa amake."

A Juliana anatola chikho cha madzi otentha, anachiyang'ana, anachibwezera pansi chifukwa anali mayi wa bungwe la Anna Woyera. Anaona kale m'maganizo amuna a mgodi atadzaza pakhonde, zipewa m'manja, akuyang'ana tsitsi lofiira la Gordon, kenaka iwo, kenaka pansi.

"Mukawauze mawa lomwe kuti munalakwitsa."

"Ndilakwitse chiyani? Ine ndachita zonse mwadongosolo. Ngakhale eni ake ndawadziwitsa."

"Eni ake ati?"

"Eni mwana."

"Makolo ake ku Ulaya?"

"Ayi. A Absalom."

Nkhuku ija ikanakhala yamoyo ikanathawa, chifukwa nkhope ya a Juliana inasintha.

"Mwanena ndani?"

"Mlongo wanu. Mwini mbumba. Mwana akadwala kwambiri, bambo sakhala nazo yekha, amauza malume. Ine ndine ndani? Ndinangobereka. Mukukumbuka mmene anandizazira Rosemary atadwala chikuku ine osawauza? Anati, 'Fanwell, akadafa ukadamuika m'thumba?' Ine sindifuna kufunsidwanso za thumba."

"Mwawauza bwanji?"

"Ndinatuma a Sunday, oyendetsa basi ya ku Ndola."

"Munati chiyani? Nenani mawu ake enieni."

"Ndinati, 'Mukawauze alamu kuti mwana wamwamuna wa mlongo wawo wang'ambidwa chifuwa kuyambira pakhosi mpaka pamchombo, ali chigonere.'"

"Basi?"

"Basi. Ine sindiwonjezera nkhani."

"Ndiye ayankha chiyani?"

"Zinthu ziwiri. Choyamba, akuti mwana wamwamuna mwakhala mukumubisa kuti zaka zonsezi. Chachiwiri, akuti ndani anakulolani kung'amba mphwawo iwo osadziwa. Akubwera ndi basi ya folo koloko. Atenga bulangete."

"Bulangete la chiyani?"

"Lomufunditsa m'basi. Akukamusamalira okha ku Chifubu, akuti kuno tamulephera."

A Juliana anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni. Bulangetelo ankalidziwa. Ndi lomwelo limene linatenga Leah, ati akaone sukulu ya ku Ndola sabata imodzi, Leah n'kukwatiwa komweko. Ndi lomwelo linatenga Rosemary, ati akathandize azakhali ake amene anathyoka mwendo. Mwendo unachira kalekale, mwiniwake akuvina m'maukwati, koma Rosemary sanabwerere. A Absalom akafika ndi bulangete sabwerera nalo lopinda. Mantha anawagwira a Juliana, mantha enieni.

"Atate a Leah, mverani. A Absalom akangomuona, aona okha kuti ndi mzungu."

"Aona."

"Ndiye adziwa kuti si wanga."

"Andifunsa ine. Ine ndinena kuti ndi wathu."

"Bwanji?"

"Nanga ndikane mwana pamaso pa malume ake?"

"Malume ake enieni ndi Bambo Mfumu! Gordon ndi mwana wa mlongo wawo!"

"Eetu. Ndipo ndi iwowo anatipatsa. Malume akapereka, wapereka. Nkhaniyi ikanakhala kuti anapereka bambo wake, bwenzi ndikukayika."

"Mukudziwa kuti basi ya ku Ndola imadumpha ngati mbuzi? Ulusi wonse uja ukamasuka panjira, mukamuuza chiyani wansembe?"

A Fanwell anakanda pansi pa chipewa. Zimenezo zinawakhudza, chifukwa mnyamatayo ankamukonda ndithu.

"Ndiwapempha alamu amukhazike pamiyendo."

"Munthu wautali ngati mlongoti?"

"Amupinde."

"Sapindika! N'chifukwa chake ali pano!"

"Tsitsani mawu."

A Juliana anakwawa ndi mawondo mpaka pafupi ndi mpando wa ndalema, anagwira amuna awo bondo, nalankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa katekisimu.

"Tamverani bwino. Mwana amabwera bwanji pakhomo?"

"Amabadwa."

"Gordon anabwera bwanji?"

"Pagalimoto ya mishoni."

"Ndi chiyani m'manja?"

"Sutikesi."

"Munaonapo mwana akubadwa ndi sutikesi?"

A Fanwell anaganiza nthawi yaitali. Anayang'ana kumwamba, anawerenga ana onse amene ankawadziwa.

"Ayi."

"Wobwera ndi sutikesi ndi ndani?"

"Mlendo."

"Mlendo ali ndi malume pakhomo pa eni?"

"Alibe."

"A Absalom angatenge mlendo wa eni?"

"Sangatenge. Kungakhale kuba munthu."

"Ndiye Gordon ndi ndani?"

"Koma Bambo Mfumu anati..."

"Bambo Mfumu sutikesi sanaione, inali kumbuyo kwa galimoto."

"Ooo." A Fanwell anavula chipewa. "Ndiye nkhani ndi imeneyo. Bwanji simunanene kale za sutikesi? Ndi mlendo."

"Nenaninso."

"Ndi mlendo. Ndipo ndamulakwira. Ndatuma mlendo machesi."

A Juliana anadzilemba chizindikiro cha mtanda, anadzuka, anasasa chitenje, nabwerera ku nkhuku yawo akung'ung'udza nyimbo. A Fanwell anaimirira, anapinda mpando wa ndalema kuti akaubweze kuchipinda, koma pachitseko anatembenuka.

"Ndiye kamba wa paulendo mwakonza?"

"Ulendo wa yani?"

"Wa mlendo. Bambo Mfumu akubwera Loweruka."

"Akabwera abwere. Ndiwauza kuti sanachire."

"Wachira. Wadya mbatata ziwiri."

"Ndiwauza kuti akutsokomola."

"Sakutsokomola."

"Atsokomola."

"Munamize wansembe, kenaka mukalape kwa wansembe yemweyo? Adziwa."

"Ndikalapa ku Ndola."

"Amake Leah, mlendo ndi mame. Mwandiphunzitsa nokha. Sutikesi imene inabwera ndi imene imapita. Ndimuuza ayambe kulongedza, kuti Loweruka asachite phuma, phuma ndi loipa kumtima."

"Musamuuze kanthu!"

"Ndipo muleke kumukalipira za kufunda. Mlendo sakalipiridwa. Dzulo ndinakumvani mukumuti, 'Iwe, vala juzi.' Mlendo mukumuti iwe?"

"Kunkazizira."

"Muzimuti, 'Pepani bwana, kodi mungakonde juzi?' Akakana, wakana."

"Akakana juzi ine ndimuveka ndekha."

"Ameneyo ndi mwana."

"Si mwana!"

"Ndiye savala."

A Fanwell anaika mpando pansi, anatambasula zikhatho ziwiri ngati akuyeza mapapaya pamsika.

"Tiyeni tione bwino, kuti ndisalakwitsenso. Akakhala mwana, apita lero ku Chifubu ndi bulangete."

"Sapita."

"Akakhala mlendo, apita Loweruka ku mishoni ndi sutikesi."

"Sapita."

"Ndiye ndi chiyani munthuyu? Mbuzi?"

Apa a Juliana misozi inalengeza, ndipo sanabise. Anali atatopa ndi kuphika ndiwo za anthu awiri m'mphika wa anthu anayi. Anali atatopa ndi kusesa chipinda chopanda wogonamo. Mnyamata uja atafika sankatha kukweza mkono kuti apese tsitsi, iwo ndi amene ankamupesa, ndipo dzulo lomwe anayenda yekha mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera akumwetulira. Ntchito yonseyo akakolole ena?

"Aliyense wolowa m'nyumba ino amatuluka," anatero akupukuta mphuno ndi chitenje. "Ndine chiyani ine, siteshoni ya basi?"

"Ine sindinatuluke."

"Inu ndinu ena."

"Ine ndine mkamwini. Mkamwini satuluka. Nyumba ino anandipatsa ndi a mgodi, dzina lolembedwa ndi langa, koma alamu akabwera amanditi mkamwini, ndipo ine ndimavomera. Mkamwini amakhala pomwe pali mkazi wake mpaka imfa kapena mpaka amupirikitse."

Misozi ya a Juliana inaima panjira.

"Mwati bwanji?"

"Ndati mpaka amupirikitse."

"Ayi, kumbuyoko."

"Mkamwini satuluka."

A Juliana anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana zenera la chipinda cha Gordon, anayang'ana msewu wa ku Ndola, nayamba kumwetulira kumwetulira kumene amuna awo ankakuopa kuposa kugumuka kwa mwala pansi pa mgodi.

"Gordon ndi mkamwini."

"Wa yani?"

"Wathu."

"Wakwatira ndani?"

"Rosemary."

"Liti?"

"Zimenezo ndi zazing'ono. A Absalom angatengere mkamwini ku Chifubu?"

"Sangatero. Mkamwini amakhala kwa apongozi."

"Bambo Mfumu angamutengere ku mishoni?"

"Munthu wapabanja sagona kwa ansembe."

"Nanga mkazi wake azikhala kuti, iye ali kuno?"

A Fanwell anatsegula maso.

"Ndiye kuti Rosemary abwerere."

"Ndi bulangete lomwelo!" anatero a Juliana, nawomba m'manja kamodzi, kenaka anakumbuka wodwala n'kuwomba kachiwiri mopanda phokoso.

"Koma Rosemary akudziwa?"

"Adziwa. Mtsikana amene wakhala akuchapira a Absalom masokosi angakane munthu wopita ku Ulaya?"

"Mwati sapita."

"Sapita, koma ndi wopita."

"Nanga mwiniwake mwamufunsa?"

"Wodwala safunsidwa. Phala ndimamufunsa?"

"Bambo Mfumu anati asadzidzimuke. Munthu kugona mbeta n'kudzuka ali ndi apongozi, mtima wabwinobwino womwe ukhoza kuima."

"Timuuza pang'onopang'ono. Lero timuuza kuti kuli mzinda wotchedwa Ndola. Mawa timuuza kuti kumeneko kuli anthu."

"Wansembe avomera?"

"Wansembe angakane ukwati? Nanga ntchito yake ndi chiyani?"

A Fanwell anakhalanso pampando, chifukwa tsopano sanadziwe kuti mpandowo ndi wa yani. Anayamba kupinda zala.

"Mkamwini amalimira apongozi munda."

"Tili ndi kadimba ka repu kuseriku."

"Khasu ndi lolemera."

"Alime ndi supuni."

"Mkamwini amamanga nyumba yake."

"Akachira."

"Mkamwini asamakule mwendo."

"Mwendo wake ngwautali kale, tingoupirira."

"Ndipo anzanga a pansi aja?"

"Muwauze kuti munati mwana chifukwa cha ulemu. Nkhani ya kufanana ithere pomwepo."

A Fanwell anagwedeza mutu mokhutira. Koma munthu amene wasinthidwa maganizo kawiri tsiku limodzi amachenjera.

"Amake Leah, m'mawa anali mwana. Masana mwamusandutsa mlendo. Tsopano mkamwini. Alamu atsala pang'ono kutsika basi. Sindifuna ndikawauze kuti mkamwini, inu n'kutulukira ndi sutikesi ina."

"Palibenso china."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

"Lumbirani."

A Juliana anapisa dzanja pakhosi, anatulutsa korona wawo wa mikanda yabuluu, anamukweza.

"Pali korona uyu, pali mayi anga kumanda, Gordon ndi mkamwini wanga, ndipo mwambo wonse wa chikamwini uchitike osasiyako kanthu. Mwamva?"

"Osasiyako kanthu?"

"Ngakhale kamodzi."

"Ndamva."

Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka bedi kulira, kenaka kutsokomola pang'ono, kenaka mawu ofooka a munthu wongodzuka, m'Chinyanja chake chopindikapindika chimene a Juliana anamuphunzitsa okha.

"Amama? Amama Juliana? Madzi, chonde."

Mtima wa a Juliana unasungunuka. Anatsuka m'manja msangamsanga, anatola kapu, nalunjika pachitseko. Anapeza a Fanwell ataima pamenepo, mikono atatambasula uku ndi uku.

"Mukupita kuti?"

"Simukumva? Akufuna madzi."

"Kuchipinda kwa mkamwini?"

"Chokani, inu."

"Apongozi kulowa kuchipinda kwa mkamwini? Munaziona kuti? Kwathu ku Katete anthu atamva angagwe ndi manyazi."

"Atate a Leah, musayambe."

"Mwalumbira nokha. Apongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Satchulana maina. Sadyera pamodzi. Akakumana panjira, wina amalowa patchire."

"Zimenezo ndi za kumudzi! Kuno ndi ku Kitwe!"

"Osasiyako kanthu."

"Ndiye mankhwala azimumwetsa ndani?"

"Ine."

"Tsitsi azimupesa ndani?"

"Ine, mpaka Rosemary abwere."

"Juzi?"

"Muzindiuza ine kuseri, ine ndizimuuza."

"Mpaka liti?"

"Amayi anu anandithawa kuyambira tsiku la ukwati mpaka kumwalira kwawo. Mayi abwino kwambiri aja. Ine ndimawadziwa msana wokha."

"Ndabweza lumbiro."

"Pa korona? Ndi amayi anu omwe mwawatchula?"

"Amama?" mawu aja anamvekanso, tsopano pafupi, ndipo mapazi ankakhwekhwereza pasimenti kubwera kuchitseko.

A Juliana anayang'ana korona, anayang'ana chitseko, anayang'ana msewu, kumene kutali kunkaoneka munthu wamfupi wonenepa akubwera ndi chinthu chopinda m'khwapa. Akakana chikamwini, mnyamata apita. Anaika kapu m'manja mwa amuna awo.

"Madziwo asamwe mothamanga."

"Thawani, akutuluka!"

Ndipo mayi wamkulu wa bungwe la Anna Woyera anakwinya chitenje, anadumpha beseni, nakabisala kuseri kwa mgolo wa madzi, mutu atafunda mpango. Ali komweko anamva chitseko chikutseguka.

"Atate, amama ali kuti?"

A Fanwell anagwada bondo limodzi, anawomba m'manja mwaulemu, napereka kapu ndi manja awiri.

"Khalani pampando, akamwini. Apongozi anu akukondani kwambiri, moti kuyambira lero simudzawaonanso."